Wandale akabwera ndi Baibulo m'manja: zimene ndale za ku America zandiphunzitsa pa kuyeza wofuna udindo waukulu

Chisankho cha ku America chikayandikira, m'magulu athu a WhatsApp mumadzaza zithunzi za wandale atazunguliridwa ndi abusa amene amusanjika manja, pansi pake atalembapo kuti uyu ndi wodzozedwa wa Mulungu. Abale athu a ku Indiana ndi ku Texas amatumiza, ife kuno timayankha kuti ameni. Ine ndine Mkhristu, ndimakhulupirira kuti banja ndi maziko a dziko komanso kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wamtengo wapatali, ndipo ndatsata ndale za dziko limenelo kwa nthawi yaitali. Chimene ndaphunzira n'chakuti munthu akhoza kuvomereza Yesu pagulu, n'kugwirizana nafe pa nkhani ziwiri kapena zitatu zimene zimatikhudza mtima, koma n'kukhalabe wosayenera kusenza udindo wa dziko. Pali njira zoyezera zimenezi, ndipo zambiri zili poyera kwa aliyense amene ali ndi foni.

Tiyambe ndi zimene lamulo limafuna, chifukwa ambiri amadabwa akamva kuchepa kwake. Malamulo oyendetsera dziko la America amafuna zinthu zitatu kwa pulezidenti: akhale mbadwa ya dzikolo, akhale ndi zaka zosachepera 35, ndiponso akhale atakhala m'dzikomo zaka 14. Za sukulu mulibe. Za kuyezedwa kuchipatala mulibe. Ngakhale mlandu umene khoti lamupeza nawo wolakwa sumuletsa kuima, moti Eugene Debs anaima mu 1920 ali m'ndende ndipo anapeza mavoti oposa 900,000. Gawo 6 la malamulo omwewo limaletsa kuyeza munthu pa chipembedzo chake asanalandire udindo wa boma, ndipo ena mwa amene anakondwera kwambiri ndi lamuloli anali a Baptist, chifukwa ku Virginia alaliki awo ankatsekeredwa m'ndende kaamba kolalikira popanda chilolezo cha mpingo wa boma. Tsono ngati lamulo silisefa, ntchito yonse yosefa imagwera wovota.

Gulu limene Aamereka amalitcha Christian right ndi mgwirizano wa maevanjeliko, makamaka achizungu, ndi Akatolika ena osunga mwambo, amene anaganiza zolowetsa chikhulupiriro chawo m'ndale kudzera m'chipani cha Republican. Si Akhristu onse a ku America amene ali m'gululi. Mipingo ya anthu akuda, imene imawerenga Baibulo lomwelo ndi kupemphera mwamphamvu chimodzimodzi, imavotera chipani cha Democratic pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse. Gululi linaima ndi miyendo yake mu 1979, pamene m'busa Jerry Falwell anayambitsa bungwe la Moral Majority mothandizana ndi katswiri wa ndale Paul Weyrich. Zinawasonkhanitsa zinali zingapo: chigamulo cha Roe v. Wade cha 1973 chololeza kuchotsa mimba, kuletsedwa kwa mapemphero otsogoleredwa ndi aphunzitsi m'sukulu za boma kuyambira 1962, komanso nkhani imene ambiri sakonda kuitchula, ya msonkho wa sukulu zachikhristu zosala anthu akuda. Bob Jones University inalandidwa mwayi wosalipira msonkho chifukwa cha malamulo ake a tsankho, ndipo khoti lalikulu linavomereza zimenezi mu 1983.

Chisankho chawo choyamba chimaonetsa bwino mmene gululi limaganizira. Mu 1980 pulezidenti anali Jimmy Carter, wa Baptist wobadwa mwatsopano, mphunzitsi wa Sande sukulu, mwamuna wa mkazi mmodzi moyo wake wonse. Wopikisana naye anali Ronald Reagan, katswiri wakale wa mafilimu, wosudzulana ndi mkazi woyamba, amene sankapita kutchalitchi kawirikawiri. Atsogoleri a Moral Majority anasankha Reagan. Kuchokera pachiyambi pomwe, chimene ankayeza chinali mfundo zimene munthu walonjeza, osati kuzama kwa moyo wake wauzimu. Kusankha motero si tchimo. Vuto limabwera pamene m'busa wasankha chifukwa cha mfundo, koma nkhosa zake akuziuza kuti wasankha chifukwa munthuyo ndi wa Mulungu.

Chida chawo chachikulu chinafika ndi bungwe la Christian Coalition, limene Pat Robertson anayambitsa mu 1989 atalephera kupeza mpando woimira Republican mu 1988, ndipo ankaliyendetsa anali Ralph Reed. Ndi kapepala kamodzi kotsogolera ovota. Pamwamba pali mayina a opikisana awiri, m'mbali muli nkhani zingapo, ndipo pa nkhani iliyonse alembapo mawu amodzi, kuti akuvomereza kapena akukana. Timapepalati ankatigawa mamiliyoni ambiri m'matchalitchi Lamulungu lomaliza chisankho chisanachitike Lachiwiri, nthawi imene wonamiziridwa alibenso mpata woyankha. Timapepalati sitinena kuti voterani uje, chifukwa lamulo la msonkho la 1954 limaletsa mabungwe osalipira msonkho kuchemerera wopikisana. Koma amene wasankha nkhani zoika pa pepala wasankhiratu yankho.

Masiku ano timapepalati tasanduka zithunzi zoyenda pa Facebook, ndipo chinyengo chake n'chomwecho. Bilu ya bajeti imakhala ndi masamba mazanamazana. Phungu akaivotera chifukwa muli malipiro a asilikali, wina amatolamo mzere umodzi n'kulemba kuti phunguyu akuvomereza chakutichakuti. Mukalandira chithunzi chotere, funani nambala ya biluyo. Pa congress.gov pali mavoti olembedwa a aphungu, dzina ndi dzina. Onani ngati voti imeneyo inali yomaliza yovomereza lamulo, kapena inali yongosankha kuti akambirane liti, chifukwa phungu amatha kukana pa yoyamba n'kuvomera pa yachiwiri. Chithunzi chopanda nambala ya bilu kapena tsiku la voti musachitumize kwa wina. Ndipo onaninso zimene pepalalo lasiya. Simudzapezapo mzere wofunsa ngati munthuyo amanena zoona, ngati amadziwa ntchito, kapena ngati anamverapo khoti litamugamula.

Kale gululi linkanena lokha kuti khalidwe la mtsogoleri ndi nkhani ya dziko lonse. Mu June 1998, nkhani ya Bill Clinton ndi Monica Lewinsky ili mkamwamkamwa, msonkhano waukulu wa Southern Baptist Convention ku Salt Lake City unagwirizana chikalata chonena kuti kulekerera zolakwa zazikulu za atsogoleri kumapha chikumbumtima cha mtundu, ndipo unapempha Aamereka kuti azisankha anthu oona mtima ndi amakhalidwe oyera. Ine ndimaona kuti ananena zoona. Mu 2011 bungwe lofufuza maganizo a anthu la PRRI linafunsa ngati wandale wochita zonyansa m'moyo wake wamseri angagwirebe ntchito ya boma mokhulupirika. Mwa maevanjeliko achizungu, 30 mwa 100 aliwonse anati inde. Funso lomwelo litafunsidwa mu October 2016, amene anati inde anali 72 mwa 100. Mwezi womwewo inatuluka tepi ya 2005 mmene Donald Trump ankadzitama za kugwira akazi popanda chilolezo chawo. Iye anapepesa n'kunena kuti zinali zocheza za amuna okhaokha. Patapita mwezi umodzi, maevanjeliko achizungu pafupifupi 81 mwa 100 aliwonse anamuvotera. Baibulo silinasinthe pakati pa 2011 ndi 2016. Chinasintha ndi chipani cha munthu amene ankayezedwa.

Abale amene anavota motero ali ndi yankho, ndipo si yankho lopusa. Amati sitikusankha m'busa, tikusankha wosankha oweruza. Woweruza wa khoti lalikulu la America amakhala pampando moyo wake wonse, pamene pulezidenti sasankhidwa koposa kawiri. Mu May 2016 Trump anatulutsa mndandanda wa mayina a oweruza amene adzasankhemo, umene anaukonza mothandizidwa ndi anthu a mabungwe osunga mwambo a Federalist Society ndi Heritage Foundation, ndipo ataonjezerapo mayina ena pambuyo pake, lonjezolo analisunga: Neil Gorsuch mu 2017, Brett Kavanaugh mu 2018, Amy Coney Barrett mu 2020. Pa 24 June 2022 khotilo linafafaniza Roe v. Wade pa mlandu wa Dobbs. Munthu akanena kuti ndikudziwa zolakwa zake koma ndayeza mbali zonse ndipo ndasankha oweruza, ndikhoza kutsutsana naye, koma akunena chilungamo. Chimene chimandipweteka mtima ndi pamene kuwerengera kwa ndale kwavekedwa mkanjo wa ulosi.

Mavesi awiri ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri, ndipo ndi bwino kuwawerenga mpaka kumapeto. Loyamba ndi la Koresi, mfumu ya Aperisi yosadziwa Yehova imene Yesaya 45 amaitcha wodzozedwa. Alaliki ena anafika polumikiza chaputala 45 ndi Trump, pulezidenti wa nambala 45, chonsecho machaputala a Baibulo anagawidwa ndi anthu zaka mazana ambiri Yesaya atamwalira. Koma Aisraele sanavotere Koresi. Anali akapolo, ndipo iye anawapeza ali ku ukapolo. Mulungu amagwiritsa ntchito amene wafuna, anagwiritsanso ntchito Farao ndi Nebukadinezara, koma zimenezo sizimuuza wovota woti amusankhe. Lachiwiri ndi la Davide: amati nayenso anachimwa ndi Bateseba. N'zoona. Koma m'nkhani yomweyo muli Natani, amene analowa kunyumba yachifumu n'kumuloza mfumu kuti munthuyo ndi inu, ndipo muli Davide amene anavomera kulakwa osafuna wina womukankhira. Wotchula Davide atisonyeze Natani wake ndi kulapa kwake. Aneneri 400 a Ahabu onse ankanena zokomera mfumu, ndipo amene ananena zoona anali Mikaya yekha, amene anamenyedwa khofi n'kuponyedwa m'ndende.

Ngati tikufuna muyeso wa m'Malemba, ulipo wachindunji. Pa Eksodo 18:21 Yetero anauza Mose kuti asankhe anthu odziwa ntchito, oopa Mulungu, onena zoona, ndi odana ndi ziphuphu. Mwa zinthu zinayi zimenezi, kuopa Mulungu ndiko kovuta kuyeza uli patali, komanso ndiko kosavuta kunamizira pamaso pa kamera. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Zitatu zinazo zimasiya mapazi m'mabuku a boma, m'makhoti ndi m'nyuzipepala, ndiye yambirani pamenepo.

Pa kudziwa ntchito, chitsanzo chabwino chinachokera kwa osunga mwambo eniakewo. Pa 3 October 2005 George W. Bush anasankha Harriet Miers, loya wake wa ku White House, kuti akhale woweruza wa khoti lalikulu. Mayiyu anali asanakhalepo woweruza ndipo analibe zolemba zodziwika pa malamulo oyendetsera dziko. Anthu atayamba kufunsa, omuikira kumbuyo anayamba kutchula za mpingo wake wa chievanjeliko ku Dallas. Amene anakana mwamphamvu anali a mbali yake yomwe, monga Robert Bork ndi George Will. Komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, inamubwezera mayankho ake olemba kuti ndi osakwanira, ndipo pa 27 October anachotsa dzina lake. Palibe amene anakayikira chikhulupiriro chake. Funso linali lakuti angathe kodi. Mu 2008 John McCain, woimira Republican pa upulezidenti, ali ndi zaka 72, anatenga Sarah Palin kukhala womutsatira atangokumana naye kochepa. Palin anali asanathe zaka ziwiri ngati bwanamkubwa wa Alaska. Matchalitchi anasangalala, koma pamene Katie Couric wa CBS anamufunsa mafunso osakonzekera za chuma ndi maiko akunja, kusakonzeka kwake kunaonekera poyera, ndipo mu July 2009 anatula pansi ubwanamkubwawo nthawi yake isanathe. Poyeza luso, musamvere zolankhula za pamsonkhano, chifukwa zimalembedwa ndi ena. Funani pamene anafunsidwa kwa theka la ola ndi mtolankhani wosamukonda. Onani ngati anayendetsapo bajeti, anthu angati ankagwira ntchito pansi pake, ndipo amene anasiya ntchito kwa iye akunena zotani. Umboni wa munthu wa chipani chake amene wataya kanthu polankhula umalemera kuposa wa adani ake onse.

Muyeso umene ndimauika patsogolo pa yonse ndi uwu: amatani lamulo likamukaniza chimene akufuna? Roy Moore anali mkulu wa oweruza ku Alabama. Mu 2001 anaika mwala wolemera matani oposa awiri, wolembedwa Malamulo Khumi, m'nyumba ya makhoti. Khoti la boma lalikulu linalamula kuti auchotse, iye anakana, ndipo mu November 2003 anachotsedwa paudindo. Amene anatsogolera mlandu womuchotsa anali William Pryor, Mkatolika wosunga mwambo amene sankadana ndi Malamulo Khumiwo, koma ankadziwa kuti woweruza wokana chigamulo cha khoti wathyola mpando umene wakhalapo. Moore anasankhidwanso mu 2012, n'kuimitsidwanso mu 2016 chifukwa chouza oweruza ang'onoang'ono kuti asatsate chigamulo cha khoti lalikulu pa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Mkhristu ali ndi ufulu wotsutsa chigamulo, wochita apilo, wolimbikitsa kuti lamulo lisinthe, ngakhale wotula pansi udindo chikumbumtima chikamuletsa. Alibe ufulu wogwira mphamvu za boma n'kumasankha malamulo oti amvere, chifukwa mawa wina wosakhulupirira adzakhala pampando womwewo n'kuchita chimodzimodzi kwa ife. Mu 2017 Moore anaima pa mpando wa Senate, amayi angapo anamuneneza kuti anawafuna ali atsikana aang'ono, iye anakana, ndipo anagonja kwa Doug Jones m'chigawo chimene Republican simagonja kawirikawiri.

Mbali ina ya muyeso womwewu ndi yolimbikitsa. Pa 2 January 2021 Trump anaimbira foni Brad Raffensperger, mkulu woyang'anira zisankho ku Georgia, wa Republican komanso Mkhristu wodziwika, kumupempha kuti apeze mavoti 11,780. Joe Biden anali atapambana m'chigawocho ndi mavoti 11,779, ndipo mavoti anali atawerengedwa katatu, kamodzi ndi manja. Raffensperger anakana. Ku Arizona sipikala Rusty Bowers anakananso, akutchula lumbiro lake, ndipo chipani chake chinamudzudzula n'kumugonjetsa m'chisankho cha chipulula mu 2022. Pa 6 January 2021 wachiwiri kwa pulezidenti Mike Pence, mevanjeliko amene anatumikira Trump mokhulupirika zaka zinayi, anakana kutaya mavoti a zigawo, ngakhale kuti khamu linathyola nyumba ya malamulo ena akufuula kuti apachikidwe. Salimo 15 limanena za munthu amene amasunga lumbiro lake ngakhale likumupweteka. Pa anthu atatuwa ndi pamene ndimaona kuopa Mulungu kukuoneka ndi maso, chifukwa chikhulupiriro chinawatayitsa kanthu. Pofufuza munthu wanu, funani tsiku limodzi lokha m'mbiri yake pamene anachita choyenera chimene chinamuluzitsa mavoti, ndalama kapena abwenzi.

Za ndalama n'zosavuta kufufuza kuposa mmene ambiri amaganizira. Bungwe la Federal Election Commission limaonetsa pa intaneti dzina la aliyense amene wapereka ndalama zoposa madola 200 ku kampeni. Lamulo la 1978 limakakamiza ofuna maudindo akuluakulu kuulula chuma ndi ngongole zawo. Kuulula za msonkho ndi mwambo chabe, si lamulo, choncho wokana kuulula sanaphwanye lamulo, koma wakuuzani kanthu. Deuteronomo 17 amachenjeza mfumu kuti isadziunjikire akavalo, akazi, siliva ndi golide. Onani ngati bizinesi yake, ana ake ndi apongozi ake akupindula ndi udindo.

Thanzi nalo ndi gawo la kuyenera, ndipo pamenepa zipani zonse ziwiri zili ndi mlandu. Woodrow Wilson anadwala sitiroko mu 1919, ndipo kwa miyezi yambiri mkazi wake Edith ndi dokotala ndi amene ankasankha zomufikira. Mu 2024 omuzungulira Biden, amene anali ndi zaka 81, ankanena kuti zonse zili bwino mpaka mtsutso wa pa 27 June unaonetsa dziko zimene zinalipo, ndipo pa 21 July anasiya mpikisano. Kalata ya dokotala wosankhidwa ndi mwiniwake si umboni wokwanira. Onani ngati munthuyo amatha kuyankha mafunso kwa nthawi yaitali popanda pepala, m'mawa ndi madzulo omwe.

Pali njira ina yodziyezera wekha, ndipo ndi yowawa. Tengani zonse zimene mukudziwa za munthu wanu, muzilembe pansi, kenako musinthe dzina la chipani. Mungamukhululukirebe? Mu 2022 ku Georgia, Raphael Warnock wa Democratic, m'busa wa Ebenezer Baptist Church, tchalitchi chimene ankatumikira Martin Luther King Jr., anapikisana pa mpando wa Senate ndi Herschel Walker wa Republican, katswiri wakale wa mpira amene amayi awiri ananena kuti anawalipirira kuchotsa mimba, iye n'kukana. Mabungwe ambiri otsutsa kuchotsa mimba anakhalabe kumbali ya Walker, chifukwa ankafuna voti yake mu Senate. Warnock anapambana. Amene anakhala kumbali ya Walker akadamva nkhani yomweyo ikunenedwa za Warnock, akadailalikira pa guwa Lamulungu lotsatira.

Zimenezi sizitha ku America konko. Maevanjeliko anathandiza kukankha George W. Bush kuti ayambitse PEPFAR, pulogalamu yolimbana ndi Edzi, mu 2003, ndi madola 15 biliyoni pa zaka zisanu zoyambirira. Zambia ndi Mozambique anali mwa maiko 15 oyamba, Malawi nayenso wakhala akulandira, ndipo pali mabanja ambiri kwathu kuno amene ali ndi makolo lero chifukwa cha ma ARV amenewo. Bush yemweyo, chaka chomwecho, analowa nkhondo ya Iraq pa chifukwa cha zida zimene sizinapezeke, atsogoleri ena a mipingo atamulembera kalata yovomereza nkhondoyo. Munthu mmodzi wopemphera, zipatso ziwiri zosiyana. Lamulo la Mexico City, limene Reagan anayambitsa mu 1984 loletsa thandizo kwa mabungwe akunja okhudzana ndi kuchotsa mimba, limachotsedwa akalowa wa Democratic n'kubwezedwa akalowa wa Republican, ndipo mu 2017 linakulitsidwa kufikira pafupifupi thandizo lonse la zaumoyo. Mu January 2025 thandizo la kunja linaimitsidwa mwadzidzidzi, USAID inatsekedwa m'chaka chomwecho, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ambiri m'maiko athu anauzidwa kuti akhale kunyumba. Tikamayankha ameni pa WhatsApp, tizidziwa kuti voti imeneyo imafika mpaka pa chipatala chathu chaching'ono.

Ifenso taziona tokha. Frederick Chiluba analengeza Zambia kukhala dziko lachikhristu pa 29 December 1991, ndipo mawuwo analowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Kusintha komweko kwa 1996 kunatsekera Kenneth Kaunda kuti asaime. Mu 2001 Chiluba anafuna teremu yachitatu, ndipo mipingo inali patsogolo pomukaniza. Mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti iye ndi anzake anasokoneza ndalama za boma zokwana madola 46 miliyoni, ngakhale khoti la ku Lusaka linamupeza wosalakwa mu 2009. Kuno mu 2020 tinasankha m'busa, Dr Lazarus Chakwera, amene anatsogolera Assemblies of God zaka zoposa 20, ndipo mu September 2025 ovota anamuchotsa akudandaula za kukwera mitengo kwa zinthu, kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja. Palibe ankanena kuti wasiya kupemphera. Ankayeza ntchito.

Kwa inu abusa ndi akulu ampingo, pempho langa ndi lakuti musunge mtunda umene Natani anali nawo. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 inagwedeza ulamuliro wa Kamuzu Banda chifukwa olembawo sanali pa ndandanda wa malipiro a chipani chilichonse. Billy Graham anayandikira kwambiri Richard Nixon, matepi a ku White House atatuluka anachita manyazi, ndipo atakalamba ananena kuti akanabwerera m'mbuyo akanapewa ndale. Phunzitsani mfundo, osati mayina. Wandale akabwera kutchalitchi, akhale pabenchi ngati wina aliyense, ndipo mukaitana mmodzi kudzalankhula, itanani onse. Envelopu ya chopereka chomangira tchalitchi imene yabwera nyengo ya kampeni mudzailipira tsiku limene mudzafunika kudzudzula. Magazini ya Christianity Today, imene Graham anayambitsa, inalemba mu December 2019 kuti Trump achotsedwe, ndipo Russell Moore, mtsogoleri wa mpingo amene ankadzudzula Trump, anasiya udindo wake mu Southern Baptist Convention mu 2021 atakhala akuzunzika chifukwa cha zimene ankanena. Kulankhula kuli ndi mtengo wake, choncho konzekeranitu.

Chifukwa chimene zonsezi ziyenera kuchitika voti isanaponyedwe n'chakuti kuchotsa pulezidenti wa America n'kovuta kwambiri. Nyumba ya House of Representatives imatha kumuimba mlandu ndi mavoti ongopitirira theka, koma kuti achoke pamafunika mavoti 67 mwa 100 mu Senate. Andrew Johnson mu 1868, Clinton mu 1999 ndi Trump mu 2020 ndi 2021 onse anapulumuka, ndipo pa mlandu womaliza mavoti anali 57 kwa 43. Njira ina ndi ya kusintha kwa nambala 25 kwa malamulo, kwa 1967, kumene kumalola wachiwiri kwa pulezidenti pamodzi ndi nduna zoposa theka kulengeza kuti pulezidenti sangathe ntchito. Akakana, pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri. Ndunazo amazisankha ndi pulezidenti yemweyo, ndipo njirayi sinagwiritsidwepo ntchito pochotsa munthu.

Kwa abale amene muli ku America, malo enieni osefera ndi chisankho cha chipulula cha m'chipani. Pofika November mumakhala mutatsala ndi anthu awiri, ndipo aliyense amakuuzani kuti musankhe choipa chocheperako. Mu 2016 a Republican anali ndi opikisana 17, ena mwa iwo abwanamkubwa ndi aphungu a Senate okhala ndi mfundo zomwezo pa mimba ndi oweruza, koma amene amavota m'chipulula amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi a chisankho chachikulu. Fufuzani malamulo a chigawo chanu msanga, chifukwa m'zigawo zina muyenera kulembetsa m'chipani milungu kapena miyezi chipulula chisanafike. Ndipo samalani: wovota pa chisankho cha pulezidenti ndi aphungu a Congress ayenera kukhala nzika. Amene ali ndi green card angathe kupereka ndalama ku kampeni koma sangavote, amene ali pa viza ya sukulu kapena ya ntchito saloledwa ngakhale kupereka ndalamazo, ndipo kulembetsa m'kaundula wa ovota usanakhale nzika, ngakhale atakulimbikitsa ndi munthu wa kutchalitchi, kungakuthamangitsitse m'dzikomo.